Kugulitsa inshuwalansi mu Lusaka: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kuyamba ntchitoyi

Achinyamata ambiri mu Lusaka amalowa ntchito yogulitsa inshuwalansi, koma amene amafika nayo patali ndi ochepa. Ambiri amene amaisiya amadziwa bwino kulankhula. Chimawagwetsa n'chakuti palibe anawauza kuti kasitomala akasaina fomu ndalama isanalowe m'thumba: imalowa kasitomalayo akapitiriza kulipira mwezi ndi mwezi. Ofunsa pa intavyu amafuna munthu amene wamvetsa zimenezi.

Kodi wogulitsa inshuwalansi amachita chiyani tsiku lonse?

Amayenda. M'makampani ambiri tsiku limayamba ndi kamsonkhano ka m'mawa komwe aliyense amanena anthu amene anaonana nawo dzulo ndi kumene akupita lero. Kenako ndi kuimba mafoni, kupempha a hedi pa sukulu kuti akulole kuonana ndi aphunzitsi nthawi yopuma, kudikira pa benchi m'maofesi a eni ake. Pali ntchito inanso yosaoneka, yomwe ndiyo imasunga malipiro ako: kulemba fomu popanda cholakwika, kutenga kope yooneka bwino ya NRC (chiphaso cha unzika), kutsatira kuti premium (ndalama yomwe kasitomala amalipira inshuwalansi) yoyamba yadulidwadi, kukumbutsa amene atsalira m'mbuyo, ndi kuthandiza banja pa tsiku la claim, pamene likupempha kampani kuti ilipire.

Ejenti ndi broker amasiyana pati?

Ejenti amaimira kampani ya inshuwalansi ndipo amagulitsa zinthu za kampaniyo. Broker amaimira kasitomala: amafunsa mitengo kumakampani angapo n'kumusankhira pabwino. Palinso ogulitsa inshuwalansi kudzera m'mabanki, ndi ena olembedwa ntchito ndi kampani mwachindunji monga ogulitsa. Onsewa ali pansi pa Pensions and Insurance Authority, yomwe timangoti PIA, ndipo lamulo lake ndi Insurance Act No. 38 ya 2021, lomwe linalowa m'malo mwa la 1997. Ma ejenti ndi ma broker amafunika laisensi ya PIA. Musanayambe kugulitsa funsani kuti mudzagulitsa pa laisensi ya ndani, yanu kapena ya okulembani. Ngati akuyankha mozungulira, pamenepo pali vuto.

Ndiyambe ndi inshuwalansi ya moyo kapena ya katundu?

Ndi misika iwiri yosiyana, ndipo makampani ake ndi osiyananso. N'chifukwa chake mumaona ZSIC Life ndi ZSIC General, kapena Madison Life ndi Madison General.

Ku mbali ya moyo kuli ma policy (mapangano a inshuwalansi) a maliro, osungira ndalama za sukulu za ana, ndi olipira banja mwini wake akamwalira. Kumeneku ndi kumene khomo limatseguka msanga kwa woyamba kumene, chifukwa makampani amalemba ogulitsa ambiri nthawi imodzi n'kuwaphunzitsa okha. Kuvuta kwake n'kwakuti palibe lamulo lokakamiza munthu kugula, ndipo mukukamba za imfa ndi munthu amene wadzuka bwinobwino.

Ku mbali ya katundu kuli magalimoto, moto, kuba, katundu wa paulendo, mbewu ndi ziweto. Pa magalimoto kasitomala amabwera yekha, popeza lamulo la pamsewu limafuna inshuwalansi ya third party (yolipira ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera) ndipo RTSA, bungwe loona za pamsewu, sipereka road tax popanda iyo. Ambiri amagula ya miyezi itatu kuti igwirizane ndi road tax, motero kumapeto kwa March, June, September ndi December kumakhala piringupiringu. Koma third party ndi yotchipa, komishoni yake ndi yochepa, ndipo oigulitsa ndi ambirimbiri. Ndalama zenizeni zili pa comprehensive (yotetezanso galimoto ya mwini), pa magalimoto a kampani, ndi pa masitolo ndi mafakitale, komwe kumafuna kudziwa ntchito komanso kudziwana ndi anthu.

Ife timaona kuti amene alibe ndalama yodyera miyezi yoyamba ayambe pamene pali retainer (kandalama kokhazikika ka pa mwezi), kaya ndi mbali iti.

Pamafunika maphunziro ndi mapepala otani?

Malo ambiri a ogulitsa amafuna satifiketi ya Grade 12, makamaka yokhoza Chingerezi ndi masamu. Dipuloma ya malonda kapena ya inshuwalansi imakuikani patsogolo, koma si onse amene amaifuna poyamba. Wofuna kukhazikika pa ntchitoyi amaphunzira ku Zambia College of Pensions and Insurance Trust, kapena amalemba mayeso a Chartered Insurance Institute ya ku London, ndipo amalowa m'bungwe la Insurance Institute of Zambia.

Mu envulopu mukhale NRC, zotsatira za ECZ, CV yosapitirira masamba awiri, TPIN ya ZRA, nambala ya NAPSA ngati munagwirako ntchito, zithunzi za pasipoti, ndi mayina a anthu awiri kapena atatu okuchitirani umboni amene mwawauziratu. Makope akhale otsimikizidwa ndi chidindo. Olemba ntchito ena amafuna kuti mapepala a sukulu atsimikizidwe ndi ZAQA (bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro), ena amafunanso police clearance. Zimenezi sizituluka tsiku limodzi, choncho ziyambeni musanaitanidwe.

Malipiro ake amakhala bwanji?

Pali njira zitatu: komishoni yokha, retainer yochepa pamodzi ndi komishoni, kapena salale ndi bonasi. Retainer kawirikawiri ndi ya miyezi yoyamba chabe, ndipo imaima mukalephera kufika pa target. M'makampani ena retainer ndi ngongole yomwe amadzaichotsa pa komishoni yanu. Funsani zimenezo mosabisa.

Mawu amene muyenera kuwadziwa musanasaine chilichonse ndi clawback. Pa inshuwalansi ya moyo makampani ena amakupatsiranitu komishoni ya chaka, poyembekezera kuti kasitomala alipira miyezi yonse 12. Tiyerekeze chabe: mwapatsidwa K600 pa policy ina, kasitomala walipira miyezi 4 n'kusiya. Miyezi 8 yotsalayo kampani sinalandire kanthu, motero imadzitengeranso gawo lake, K400, pochotsa pa komishoni yanu ya mwezi wotsatira. Ma policy asanu akafa mwezi umodzi, mukhoza kugwira ntchito mwezi wonse n'kulandira pepala lolembedwa ziro. Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, koma mfundo yake ndi yomweyo. Paja akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Komishoni ya policy yatsopano musaidye yonse, patulani gawo mpaka kasitomala atadutsa miyezi yoopsa.

Makampani ena amalipira komishoni pang'onopang'ono, premium ikalowa. Poyamba imaoneka yochepa kwambiri, koma siibwezedwa, ndipo imakula pamene makasitomala olipira akuchuluka.

Za msonkho: wolembedwa ntchito amadulidwa PAYE, 5 peresenti ya NAPSA ndi 1 peresenti ya NHIMA. Ejenti wodziimira payekha amadulidwa withholding tax pa komishoni, ndipo za penshoni yake ayenera kudzionera yekha.

N'chifukwa chiyani ma policy amafa, nanga ndingawateteze bwanji?

Chachikulu ndi kugulitsira munthu premium yoposa mphamvu zake. Pa tsiku losaina amavomera K400 pa mwezi chifukwa cha manyazi kapena chifukwa mwamukoka mtima. January ikafika ndi zofunika za sukulu, lendi ndi ngongole za Khirisimasi, choyamba kusiyidwa ndi inshuwalansi. Policy ya K150 yolipiridwa zaka khumi imapindulira inu ndi kasitomala kuposa ya K400 yofa pa mwezi wachitatu.

Chachiwiri ndi njira yolipirira, ndipo iliyonse ili ndi pamene imathyokera.

Ogwira ntchito m'boma amadulidwa pa payslip kudzera ku PMEC, ofesi yokonza malipiro a antchito a boma. Iyi ndiyo njira yolimba koposa, n'chifukwa chake ogulitsa amadzazana m'masukulu ndi m'zipatala. Koma wantchito wa boma ayenera kutsala ndi 40 peresenti ya malipiro ake zonse zikachotsedwa, ndipo ambiri ali kale ndi ngongole. Mukapanda kuona payslip yaposachedwa, fomu imapita, kudula kukanika, inu n'kumawerengera komishoni yomwe siidzabwera. Nambala ya wantchito ikalakwika ngakhale pamodzi, ndi chimodzimodzi.

Ena amalipira ndi DDACC, yomwe ndi chilolezo chakuti banki izidula pa akaunti. Apa vuto ndi tsiku. Munthu amalandira pa 28, inu mwalemba kuti azidulidwa pa 15, akaunti ili mbee. Ikani tsiku lolandira kapena lotsatira lake. Onetsetsaninso kuti siginecha ikufanana ndi ya ku banki, apo ayi chilolezo chimabwezedwa.

Amalonda a m'misika ndi m'tuntemba ambiri amalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Awa alibe tsiku limodzi lolandira, ndiye amafuna kukumbutsidwa. Lembani m'kabuku kapena m'foni tsiku la aliyense, mumuimbire kutatsala masiku awiri. Akasintha nambala, mudziwe msanga.

Chachitatu ndi mwamuna kapena mkazi wa kasitomala amene sanauzidwe. Akaona ndalama ikudulidwa, amati imitsani. Ngati n'kotheka, fotokozerani onse awiri.

Malo a ntchito ndingawapeze kuti, nanga achinyengo ndingawazindikire bwanji?

Onani Times of Zambia, Zambia Daily Mail, Go Zambia Jobs, LinkedIn ndi masamba a Facebook a makampani eni ake. Kusiya CV pa nthambi ya kampani n'kupempha kuonana ndi woyang'anira ogulitsa kumathandizanso, chifukwa ameneyo amafuna anthu nthawi zonse.

Kampani yeniyeni siuza munthu kuti atumize ndalama ya fomu, ya yunifomu kapena ya maphunziro pa nambala ya foni ya munthu wina. PIA imafalitsa mndandanda wa makampani, ma broker ndi ma ejenti amene ali ndi laisensi. Dzina likasowa pamenepo, musawononge ya basi.

Ndaitanidwa ku intavyu. Ndiwerenge chiyani?

Yambani ndi kampaniyo. Dziwani ngati ndi ya moyo, ya katundu kapena broker. Anthu amagwa pomwepo: kukakamba za inshuwalansi ya galimoto ku kampani ya moyo. Pitani pa nthambi yawo mukatenge timapepala tofotokoza zomwe amagulitsa, musankhe zinthu ziwiri, muzidziwe bwino: ndani angagule, chimalipira chiyani, sichilipira chiyani, ndipo premium yotsika ndi zingati.

Kenako dziwani msika pang'ono. ZSIC inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 inali yokha, mpaka boma litatsegula msika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe makampani monga Madison ndi Professional Insurance anayamba. Prudential inalowa mu Zambia mu 2016 pogula Professional Life. Palinso Hollard, NICO, Mayfair ndi ena. Makampani ali ndi bungwe lawo, Insurers Association of Zambia. Pa premium pamakhala Insurance Premium Levy yomwe inayamba mu 2016. Simukufunika kulakatula zonsezi, koma mukafunsidwa kuti opikisana nawo ndi ndani, mutchule atatu a mbali yoyenera.

Pomaliza, lembani mndandanda wa anthu amene mungawafikire mwezi woyamba, m'magulu: a kutchalitchi, a mu chilimba cha amayi anu, aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, oyendetsa taxi a pa siteshoni ya kwanu. Musaike manambala awo a foni pa pepala lokaonetsa. Chofunika ndi kuonetsa kuti mwaganizapo kumene mudzayambira Lolemba m'mawa.

Amafunsa mafunso otani?

"Tiuzeni za inu." Musayambire kumudzi kumene munabadwira. Mphindi imodzi kapena iwiri: maphunziro, zomwe munagulitsako, ndi chifukwa chake mwabwera. Ngati munagulitsa salaula ku City Market, munakhala pa booth ya mobile money, kapena munasunga buku la village banking, nenani. Kwa wofunsa, zimenezo ndi umboni wakuti munakanidwapo ndi kasitomala ndipo munasungapo ndalama za anthu. Nenani ndi manambala enieni: makasitomala angati pa tsiku, ndalama zingati pa mlungu.

"Mungagwire ntchito ya komishoni?" Kungoti inde n'kosakwanira. Onetsani kuti mwawerengera: lendi ndi zingati, ya basi ndi ya airtime ndi zingati, mungapirire miyezi ingati. Amene amati ndalama si kanthu kwa iye, wofunsa amadziwa kuti mwezi wachiwiri sadzaonekanso.

"Mudzafika bwanji pa target?" Yankhani ndi masamu obwerera m'mbuyo. Ngati target ndi ma policy 10 pa mwezi, ndipo mukuyerekeza kuti mwa anthu asanu amene mwakhala nawo pansi mmodzi amagula, mukufunika kukhala pansi ndi anthu 50, ndiye kuti awiri kapena atatu pa tsiku la ntchito. Kuti mupeze awiriwo mudzaimba mafoni angati? Ngakhale manambala anu atakhala olakwika pang'ono, kaganizidweko ndi kamene akufuna.

"Kasitomala akukuuzani kuti ali ndi matenda koma mukalembe kuti alibe. Mutani?" Uwu ndi msampha, ndipo yankho ndi limodzi: mumalemba zoona. Fotokozani chifukwa chake, kuti kampani ikadzazindikira pa nthawi ya claim ikhoza kukana kulipira, banja n'kutaya zonse.

Yembekezeraninso kufunsidwa zilankhulo zimene mumalankhula. Mu Lusaka, wodziwa Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi amafika pa khomo lililonse, ndipo Chitonga kapena Chilozi ndi phindu lowonjezera.

Akandiuza kuti "tigulitseni", ndichite chiyani?

Apa ndi pamene mumakhozera kapena kulepherera intavyu. Mmodzi wa ofunsa amasanduka kasitomala, tinene mayi wogulitsa tomato ku Soweto. Ambiri amangoyamba kuthira mawu onse amene analoweza: dzina la policy, ubwino wake, mbiri ya kampani. Mayiyo amayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Ine nili kale mu chilimba, manje iyi ni ya chani?" Wofunsira ntchito n'kusowa chonena.

Yambani ndi moni waulemu ndi kupempha nthawi: "Amayi, mwachoma bwanji? Ndikuona muli pa ntchito, ndingatengeko mphindi zitatu?" Ndiye funsani musanagulitse. Pakhomo muli angati? Alipo makolo kumudzi amene mumawasamala? Pamene munaonekedwa maliro komaliza, ndalama zinachokera kuti? Funso lomalizali limatsegula nkhani yonse, chifukwa aliyense amakumbukira bokosi, manda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, basi yonyamula anthu, makala ndi ufa wa pa nyumba ya maliro kwa masiku atatu, ndipo ngati thupi linapita ku Chipata, ulendo wa makilomita opitirira 500. Ambiri anadya mpamba wa bizinesi kapena anakatenga kaloba.

Za chilimba musanyoze. Nenani kuti, "Chilimba n'chabwino, amayi, musachisiye. Koma chimakupatsani zomwe mwasonkha, pa tsiku lanu lolandira. Maliro akagwa mwezi umene si wanu, mumatani?" Mukatero tchulani premium imodzi yogwirizana ndi zomwe wakuuzani, ndalama yomwe banja lidzalandira, ndi nthawi yodikira policy isanayambe kulipira. Malizani ndi kupempha: "NRC muli nayo pano kuti tiyambe, kapena ndibwere mawa atate ali pomwepo?" Ambiri amafotokoza bwino koma amaopa kupempha, ndipo ofunsa amazilemba.

Akakuuzani kuti ali kale ndi NHIMA ndi NAPSA, dziwani malire ake. NHIMA imalipira chithandizo cha kuchipatala, siigula bokosi. NAPSA ili ndi thandizo la maliro a membala woyenerera, koma silikhudza maliro a amayi ake a membalayo. Akati makampani a inshuwalansi salipira, musakangane nawo. Funsani chomwe chinachitika, chifukwa nthawi zambiri mudzapeza kuti policy inali itafa kapena imfa inagwa mkati mwa nthawi yodikira, ndipo wogulitsa sananene.

Ndi mfundo ziti za inshuwalansi zimene angandiyese nazo?

Kunena zoona zonse mbali zonse ziwiri, komwe pa ntchito amati utmost good faith. Insurable interest, kutanthauza kuti umatetezera chinthu chomwe chikaonongeka iwe utaya kanthu, osati nyumba ya mnansi. Indemnity, yomwe ndi kubwezeretsa munthu pamene anali, osamulemeretsa, ndipo imagwira pa katundu, osati pa moyo. Excess ndi gawo lomwe kasitomala amalipira yekha pa claim. Subrogation ndi ufulu wa kampani wolondola amene anapalamula ikatha kulipira kasitomala wake.

Chomwe chimasiyanitsa wodziwa ndi woloweza ndi average. Mwini sitolo ku Kamwala ali ndi katundu wa K200,000, koma pofuna premium yotsika walembetsa K100,000. Moto waononga katundu wa K60,000. Iye akuganiza kuti alandira K60,000 yonse popeza siinafike pa K100,000. Kampani idzati analembetsa theka la mtengo, motero ilipira theka la zomwe zaonongeka, K30,000, n'kuchotsaponso excess. Wogulitsa amene anamulola kulembetsa mtengo wotsika ndiye adzatukwanidwa. Moto umene unawononga City Market mu July 2017 anthu amaukumbukirabe, ndipo amalonda amamvetsera nkhani ya moto, koma ayenera kumva ndi mbali iyi yomwe.

Pa magalimoto dziwani kuti third party imalipira ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera, siikonza galimoto ya mwini. Wopita ku Malawi kapena ku Zimbabwe amafuna COMESA Yellow Card, yomwe ndi third party yogwira ntchito m'maiko enawo. Galimoto yolembetsedwa kuti ndi yapakhomo ikamanyamula anthu olipira, claim ikhoza kukanidwa, choncho funsani ntchito yeniyeni ya galimotoyo.

Pa ma policy osungira ndalama dziwani surrender value, ndalama yomwe munthu amalandira akasiya policy nthawi yake isanakwane. Munthu akasiya m'zaka zoyambirira amalandira zochepa kuposa zomwe anaika, mwina osalandira kanthu. Wouza kasitomala kuti ndi chimodzimodzi ndi akaunti ya ku banki wanama.

Ndivale chiyani, ndifike nthawi yanji?

Zovala za ku ofesi, zoyera, zosita, ndi nsapato zopukuta. Nthawi ya fumbi kapena ya matope tengani kansalu m'chikwama. Fikani kutatsala mphindi 20. Wochokera ku Matero, Chawama kapena Kanyama wopita ku Rhodes Park kapena Longacres akwera mabasi awiri, ndipo Great East Road, Kafue Road ndi Lumumba Road zimadzaza m'mawa. Kaoneni malowo dzulo lake. Foni izimitsidwe, ndipo dikirani akuuzeni kuti khalani.

Iwo akati "muli ndi funso?", ndifunse chiyani?

Funsani ngati mukulembedwa monga wantchito kapena monga ejenti wodziimira payekha. Funsani kuti retainer ndi ya miyezi ingati ndipo imabwezedwa kapena ayi, clawback imagwira kwa nthawi yaitali bwanji, target imawerengedwa pa mafomu kapena pa premium zolowa, ndiponso ya mayendedwe ndi airtime amalipira ndani. Funso lomwe limasangalatsa woyang'anira wabwino ndi lakuti, mwa ma policy amene gulu lanu limagulitsa, ndi angati amafika chaka? Pa ntchito amati persistency, ndipo wofunsa zimenezi waonetsa kuti akudziwa pamene pali ndalama.

Zonse mukagwirizana zikhale m'kalata. Malinga ndi Employment Code Act ya 2019, probation ya wantchito ndi miyezi yosapitirira itatu, ndipo ingawonjezedwe ndi ina yosapitirira itatu. Werenganinso zomwe zimachitika ndi komishoni ya makasitomala anu mukadzachoka.

Achibale ndi anzanga akatha, makasitomala ndidzawapeza kuti?

Achibale amagula chifukwa cha chisoni, ndipo ndi amene amayamba kusiya kulipira. Agwiritseni ntchito yoyeserera kufotokoza, koma musamange nyumba pa iwo. Kwa aliyense amene mwakhala naye pansi, wagula kapena ayi, pemphani mayina awiri a anthu amene angafune kumva, ndipo iye ayambe wawauza kuti mudzaimba.

Sankhani gulu limodzi mulidziwe bwino m'malo momwazika mzinda wonse. Wogulitsira anamwino amadziwa nthawi yosinthana mashifiti. Wogulitsira amalonda a ku Soweto amadziwa kuti m'mamawa, katundu akamatsika m'malole, palibe angamumvere, ndiye amapita masana. Pa msika yambani mwaonana ndi a komiti, pa sukulu a hedi, pa tchalitchi akulu a mpingo. Kulowa mozemba kumatseka khomo kwa inu ndi anzanu obwera m'mbuyo. Kumbukiraninso kuti zambiri za kasitomala, monga NRC ndi payslip, zimatetezedwa ndi Data Protection Act ya 2021. Si zoponya m'magulu a WhatsApp.

Kasitomala akandipatsa ndalama m'manja, ndilandire?

Pewani. Muthandizeni kulipira yekha pa nambala ya kampani, ku banki kapena pa nthambi, kuti uthenga wotsimikizira ufike pa foni yake. Ngati kampani yanu imalola kulandira ndalama, lembani lisiti ya kampani pomwepo ndipo mukapereke tsiku lomwelo. Chiyeso chake chimabwera mwakachetechete: K200 ya kasitomala ili m'thumba, inu mulibe ya basi, mukuti mubweza Lachisanu. Ngozi ikagwa Lachinayi, policy ilibe premium, ndipo nkhaniyo imathera kupolisi.

Zina zochotsetsa ntchito nthawi yomweyo ndi kusainira kasitomala, kulemba fomu ya munthu amene sanavomere, kubweza m'mbuyo tsiku la cover note (kalata yongoyembekezera yosonyeza kuti inshuwalansi yayamba) ngozi itachitika kale, ndi kulipirira kasitomala premium yoyamba kuti mufike pa target.

Pa claim, ntchito yanga ndi yotani?

Simuli woweruza, choncho musalonjeze kuti alipira. Ntchito yanu ndi kuuza banja mapepala ofunika pa ulendo umodzi. Pa imfa kawirikawiri ndi fomu ya claim, NRC ya womwalira ndi ya wolandira, chikalata cha kuchipatala chonena chomwe chapha munthu, ndi burial permit. Womwalirira kunyumba amafuna pepala la BID (Brought In Dead, la wofika kuchipatala atamwalira kale) lochokera kupolisi, ndipo pa imfa ya kumudzi makampani ena amalandira kalata ya mfumu. Pa galimoto ndi lipoti la apolisi, laisensi ya woyendetsa, zithunzi ndi ma quotation a okonza, ndipo galimoto isakonzedwe woyesa wa kampani asanaione. Ma policy amaika malire a masiku odziwitsira kampani, ndiye imbani msanga.

Zochedwetsa zambiri zimabadwa pa tsiku logulitsa: dzina la pa fomu losiyana ndi la pa NRC, chaka chobadwa cha agogo cholembedwa mongoganizira, mwana wobadwa pambuyo pake amene sanawonjezedwe. Ma policy ambiri a maliro ali ndi nthawi yodikira ya miyezi ingapo pa imfa ya matenda, pamene imfa ya ngozi nthawi zambiri imalipiridwa premium yoyamba ikangolowa. Nenani zimenezi pogulitsa, kawiri, ndipo onetsani pamene zalembedwa. Kasitomala wosakhutira ndi yankho la kampani ali ndi ufulu wokadandaula ku PIA, ndipo ndi bwino kumuuza.

Kodi ntchitoyi ili ndi kutsogolo?

Wogulitsa amene ma policy ake safa amakwezedwa kuyang'anira gulu, kenako nthambi. Ena amasamukira ku underwriting (kounika mafomu ndi kuika premium) kapena ku claims, ena kwa ma broker kukasamalira makampani akuluakulu, ndipo ena amatsegula ejensi yawo atalembetsa ku PACRA, kolembetsera makampani, ndi kutenga laisensi ya PIA. Pa malo onsewa amafunsa mapepala a inshuwalansi, choncho yambani maphunziro m'chaka choyamba, ndipo funsani ngati kampani imabweza ndalama za mayeso mukakhoza.